Mtsikana Wochapa wa pa Tsekwe Woyera

Ku Southwark, kutsidya kwa mtsinje wa Thames, munthu sankafunsa njira ya kwa a Jabez Culpin. Mphuno yokha inkamufikitsa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali miphika ikuluikulu momwe mafuta a ng'ombe ankabwatira pamodzi ndi chidulo tsiku lonse, ndipo fungo lake linkakulonjera usanakhote n'komwe pa ngodya ya msewu. Kumaso kunali sitolo, ndipo pamwamba pa khomo pankalendewera chikwangwani cha tsekwe woyera. Sopo wa pa Tsekwe Woyera anali wabwino, zimenezo ngakhale adani awo sankakana. Vuto linali lakuti ankadziwika m'misewu ya pafupi pokha, ndipo zimenezi zinkawadya moyo a Jabez.

M'zaka za m'ma 1770 zimenezo, a Jabez anali munthu wa mimba yake, wa mawu ngati belu, wosachedwa kuseka ndiponso wosachedwa kupsa mtima. Akaganiza chinthu m'mawa ankafuna chichitike dzuwa lisanafike pamutu, ndipo woyesa kuwabweza ankangotaya malovu ake pachabe. Chowafewetsa chinali chimodzi chokha: mwana wawo Damaris. Ana ena onse anawaika m'manda ali makanda, choncho uyu ankamusunga ngati dzira. Chaka chimenecho Damaris anali atatomeredwa ndi Enoch Ludlam, mnyamata wofatsa wopanga migolo, ndipo a Jabez anali atakonzeratu zonse. Akakwatirana adzakhala m'zipinda zapamwamba, Enoch adzaphunzira kuphika sopo, adzukulu azidzakwawa pansi pa tebulo lomwelo. Zipindazo anali atazipaka kale laimu ukwati usanalengezedwe n'komwe kutchalitchi.

"Mwana wanga sachoka pakhomo pano," ankatero kwa aliyense wogula sopo, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. "Mkamwini ndiye abwera."

Tsiku lina anawoloka mlatho kukapereka sopo mu mzinda. Pobwerera anapeza anthu ataunjikana pa zenera la sitolo ya a Gamaliel Spurr, ogulitsa zithunzi zodinda pa mapepala. Panali madona, ansembe, onyamula katundu, ngakhale amayi ogulitsa nsomba atatula madengu awo pansi, onse akusuzumira mopanikizana. A Jabez anadzilambulira njira ndi mimba mpaka kutsogolo. Pazenerapo panalibe nkhondo kapena mafumu ayi. Unali moyo wa m'nyumba basi, womwe nyengo imeneyo unali utawagwira mtima anthu: mtsikana akusita, mayi akupesa mwana, wantchito akusenda anyezi pafupi ndi moto. Anthu ankalowa, n'kutuluka atakulunga pepala lawo m'khwapa.

A Jabez anafika kunyumba wigi yawo, tsitsi lochita kuvala la amuna a nthawi imeneyo, ili pambali, akupuma wefuwefu.

"Mayi a Damaris! Siyani zimenezo, bwerani kuno! Damaris, tsika msanga!"

Akazi awo, a Keziah, anatuluka m'khitchini manja ali ufa okhaokha. "Kwapsa kuti?"

"Sikunapse, kwacha! Ndaona ndi maso angawa anthu akuphana pa zenera kuti aone mtsikana akusita malaya. Kusita, mayi! Tsono mtsikana wake, pepani, nkhope ngati ya nkhosa yodwala. Nanga akanakhala Damaris wathuyu? Ali pa beseni, thovu lili mbuu, sopo wa pa Tsekwe Woyera ali m'manja?"

"Inu, mwamwa chiyani kutsidyako?"

"Sindinalawe n'dontho lomwe. Tiitane wojambula. Akatha, chithunzicho chipite kwa a Spurr akachigobe pa mkuwa, adinde mapepala. Sopo wathu alowa m'nyumba zomwe ine sangandilole kuponda ngakhale pakhonde!"

Damaris, amene anali atatsika, anaseka mpaka kugwira chitseko. Anali mtsikana wansangala, ndipo kunena zoona, ndani pa msinkhu umenewo angakane kujambulidwa? A Keziah okha ndiwo sanaseke.

"Kujambula ajambule, tipachike pabalaza, adzukulu adzaone. Koma zodinda mapepalazo ine ayi. Mwana wotomeredwa mukufuna mumuyale pa zenera ngati nsomba yamalonda? Mayi ake a Enoch mukuwadziwa bwino, aja amati ngakhale riboni ndi msampha wa Satana."

"Mayi Ludlam aziyang'ana migolo yawo. Uyu ndi mwana wanga."

"Ndi wanganso, bambo."

"Ndiye muzinyadira!"

Wojambula anali a Lemuel Oddy, bambo wowonda wa zala zothimbirira ndi penti, amene ankadyera zithunzi zamtunduwu. Anabwera ndi chinsalu chawo, maburashi ndi timabotolo, ndipo nyumba yonse inasanduka ya chikondwerero. Monga mwa mwambo wa zithunzizi, wochapayo sankavala ngati wochapa. Damaris anavekedwa diresi la silika lamaluwa ndi kachipewa koyera ka zingwe zabuluu, manja a diresi atapindidwa mpaka m'zigongono. Wantchito akanayerekeza kuchapa atavala choncho, a Keziah akanamuthamangitsa ndi tsache. Madzi akazizira ankathiramo otentha. Thovu likaphwa a Jabez ankalitakasa okha ndi dzanja, kenako n'kuthamangira kukasuzumira pa phewa la a Oddy.

"Thovulo lachepa, a Oddy. Sopo wanga satulutsa thovu laumphawi chotero. Onjezerani!"

"Bambo Culpin, mukundipumira m'khutu."

"Ndipo pa zenera la kumbuyolo musaikepo mitengo yanuyo. Paoneke chikwangwani changa, tsekwe aoneke bwinobwino. Pa sopoponso pakhale chidindo changa."

Apa a Oddy anaika burashi pansi. "Zimenezo sitichita. Mtsikana wa m'chithunzi chotere sakhala ndi dzina, sakhala ndi khomo. Ogula amayang'ana, n'kumalota zawo, basi zathera pomwepo. Mukaika chikwangwani ndiye kuti mwawalozera nyumba."

"Eya! Mwamvetsa tsopano! Ndikufuna ndiwalozere nyumba! Nanga nditchukitse sopo wa ndani, wa mfumu?"

A Oddy anayang'ana a Keziah, a Keziah anayang'ana kudenga. Mwini nyumba ndi mwini nyumba, ndipo wojambula naye ali ndi ana ofuna buledi. Tsekwe analowa m'chithunzi.

Chitatha, ngakhale a Keziah anagwira pakamwa. Anali Damaris weniweni, ndi kadontho kakuda ka pa tsaya lake, ndi kayang'anidwe kake kaja ka munthu amene akubisa phwete. Enoch atabwera kudzaona anachita manyazi mpaka makutu kufiira, ananena kuti n'chokongola, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati n'koyeneradi kuti chituluke m'nyumba. A Jabez anamumenya pamsana mwachikondi mpaka mnyamatayo anatsokomola, nkhani n'kuthera pomwepo. Penti itangouma anachinyamula okha kuwoloka mlatho, osalola munthu wina kuchikhudza.

Kugoba mkuwa ndi ntchito yochedwa, ndipo a Jabez anawatopetsa a Spurr ndi maulendo ofunsa ngati zatha. Tsiku lodinda pepala loyamba anavala jekete la kutchalitchi. Anaonerera mmisiri akupaka inki pa mkuwa wogobedwa uja, akupukuta ndi chikhatho, akuyala pepala lonyowa pamwamba, kenako akukoka mikono ya makina odindira mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Pepala litamatulidwa, Damaris anali pomwepo, manja ali m'thovu, tsekwe ali pa zenera. Pansi pake panalembedwa kuti, "Mtsikana Wochapa wa pa Tsekwe Woyera." A Jabez anakuwa ngati mwana. Anakumbatira mmisiri uja mpaka jekete lonse linada ndi inki, ndipo sanadandaule.

"Dindaninso! Dindaninso ndione!"

Pepala lachiwiri linatuluka chimodzimodzi, lotsatira lakenso chimodzimodzi. Munthu wina akanachita nthumanzi kuona mwana wake akuchulukana chotero pa chingwe choyanikira mapepala, koma a Jabez ankangowomba m'manja.

Posakhalitsa pa Tsekwe Woyera panalibe popondapo. Ngolo za akavalo zomwe sizinkadziwa n'komwe kuti Southwark ali kuti zinayamba kuima pakhomo. Antchito a m'nyumba zikuluzikulu ankabwera ndi madengu, ena atatenga pepala lomwelo kuti asasochere. Miphika inkabwata osapuma, analemba anthu ena ntchito, ndipo mawu a a Jabez ankamveka mpaka kumtsinje. Chakudya ankadya chiimire. Lamulungu anagula nyama ya ng'ombe yaikulu moti inakana kulowa mu uvuni wa kunyumba, anachita kukaiwotchetsa kwa wophika buledi.

"Mayi a Damaris, paja munkati chiyani?" ankatero uku akudula nyamayo. "Tabwerezani ndimve, khutu ili linali ndi thovu tsiku lija."

"Idyani, bambo, nyama ikuzizira."

Tsono mu London chinthu chikagwira msika chimabala ana. M'tinjira ta kuseri muli amisiri anjala omwe safuna chinsalu cha wojambula, safunanso chilolezo cha munthu. Amagula pepala limodzi, n'kuligoba mothamanga pa mkuwa wawo, n'kumagulitsa motchipa. Wachiwiri amakopera kwa woyamba, wotsatira amakopera kwa wachiwiri, ndipo aliyense amathirako kamchere kake kuti lake ligulidwe msanga. Loyamba la mtundu umenewu linafika pa Tsekwe Woyera m'manja mwa kasitomala wina. Wokoperayo sanavutike n'kutembenuza chithunzi pa galasi monga amachitira amisiri enieni, choncho zonse zinatuluka chosemphana, cha kumanja chili kumanzere.

A Jabez anaseka mpaka misozi. "Taonani, amusandutsa wamanzere mwana wanga! Mphunonso aiwonjezera. Koma tsekwe wanga alipo? Alipo! Asiyeni, akundigwirira ntchito yaulere amenewa."

Chimene sanachione n'chakuti ogula anayamba kusintha. Pakati pa antchito a madengu panayamba kuoneka anyamata a mawigi opaka ufa, a ndodo za mitu yasiliva, anthu oti chibadwire sanachapepo ngakhale kampango. Ankagula kasopo kakang'ono n'kumangozungulira m'sitolo, maso ali pa masitepe okwerera m'mwamba.

"Wochapa uja ali kuti, bambo? Ndili ndi malaya akuda kunyumba, ndikufuna manja ofewa."

Anzake ankafa nalo phwete, a Jabez nawonso n'kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala za ana a anthu olemera. Damaris anasiya kutsika kudzathandiza m'sitolo. Nyimbo zomwe ankaimba posesa zinatha, ndipo patebulo ankangotembenuza chakudya ndi foloko.

"Mwaona kuti mwana sakudya?" anafunsa a Keziah.

"Ndi mantha a ukwati. Atsikana onse amatero, inunso munawonda."

"Ine ndinawonda chifukwa ndinkadziwa amene ndikukwatiwa naye."

Ukwati unalengezedwa koyamba kutchalitchi, ndipo Lolemba lake m'mawa kunabwera Mayi Ludlam, mayi ake a Enoch. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wovala zakuda, wolankhula motsitsa mawu ngati munthu amene sanayambe wabwerezapo chimene wanena. Anakana mpando, anakananso tiyi. Anatulutsa kabokosi ka fodya wamphuno n'kukaika patebulo.

"Ndakalanda kwa mmisiri wanga. Ndinamupeza akuonetsa anzake kuseri kwa migolo. Tayang'anani pa chivundikiropo, a Culpin."

Anali Damaris, kadontho ka pa tsaya kali pomwepo. Koma diresi linali litatsetsereka pa mapewa onse awiri, ndipo pa zenera, pansi pa chikwangwani cha tsekwe, panali nkhalamba yachimuna ikusuzumira, chikwama cha ndalama chili m'manja. Kunsi kwake kunali mizere iwiri ya tizilembo ting'onoting'ono:

Manja ali m'thovu, maso ali pakhomo,
Wa chikwama cholemera, lowa, usagogode.

A Jabez anawerenga mizereyo mpaka kumapeto.

"Uyu si mwana wanga!" anaphulika kenako. "Damaris sanavalepo chotere! Nkhalamba iyi sindikuidziwa!"

"Ine ndikudziwa kuti si iye," anatero Mayi Ludlam. "Ndamuona akukula, ndi mwana waulemu. Koma chidakwa cha ku Wapping sichikudziwa, ndipo tsekwe wanuyu akuchiuza khomo loti chipite. Mapepala otere ali pa mazenera kuyambira pa mlatho mpaka ku Holborn. Ine ndili ndi dzina la malemu amuna anga loti ndisunge. Zinthu izi zichoke pamaso pa anthu kulengeza komaliza kusanachitike. Zikapanda kuchoka, ndidzaimirira m'tchalitchi ndekha n'kuletsa ukwatiwu."

"Zichoka! Mayi, ndikulumbira, zichoka zonse! London yonse ndiisesa ine ndi manja angawa!"

Anayambadi ndi mphamvu zomwe zija zimene anayambira nazo zonsezi, pakuti munthu waphuma amathamanga chimodzimodzi popita ndi pobwerera. Anabwereka wilibala n'kuwoloka mlatho. Sitolo iliyonse ya zithunzi, mayi aliyense woyala mapepala pa mpanda, mnyamata aliyense wogulitsa m'dengu, a Jabez anali pomwepo. Sankanenerera mtengo. Ankangoti, "Onse! Bweretsani onse, ndi a m'kabati omwe!" Anthu ankaima kuonerera chimunthu cha thukuta chikukankha wilibala yodzaza mapepala pakati pa ngolo, chikukalipira akavalo kuti apatuke. Atafika kunyumba anaponya zonse pa moto wa pansi pa miphika, ndipo tsiku limenelo sopo anaphikidwa ndi nkhope ya Damaris.

"Zatha!" anakuwa kumasitepe. "Mwana wanga, tsika udzaone phulusa! Bambo ako sagonja!"

Atabwerera mu mzinda kukaona ntchito ya manja awo, anapeza mazenera adzazanso, kuposa poyamba. Mapepala ena anali asanaume n'komwe. Anaima pa mpanda wina pomwe mayi wachikulire ankapanikiza zithunzi ndi timitengo.

"Gulani msanga, bwana, ichi sichikukhalitsa," anatero mayiyo osatukula mutu. "Kwabuka chimunthu china chonenepa, chopenga ndithu, chikusesa zonse ndi wilibala. Odinda sakupuma, akuti mtsikanayu ndi mgodi."

"Chimunthucho ndine!"

Mayiyo anawayang'ana kuyambira ku wigi mpaka kunsapato, n'kumwetulira. "Ndiye Mulungu akudalitseni, bwana. Mawa ndikusungirani angati?"

Apo m'pamene anazindikira kuti akutunga madzi ndi dengu. Anathamangira kwa a Spurr, analowa osagogoda, n'kulamula kuti amugulitse mkuwa womwewo. Atawapatsa, anatola nyundo ya mmisiri n'kuuphwanya pomwepo, mpaka unapindika ngati chivundikiro cha mphika wakale. A Spurr ankangoonerera manja ali m'matumba.

"Mwatha, Bambo Culpin? Tsono mwaphwanya wokhawo umene unali waulemu. Enawo si anga, eni ake sindiwadziwa, ndipo ali ambiri. Aliyense amene ali ndi pepala limodzi ndi kachidutswa ka mkuwa akhoza kugoba wake. Ndamvanso kuti oumba mbale a ku Staffordshire amuika kale pa makapu a mowa."

"Makapu a mowa?"

"Akuti akuyenda bwino kwambiri."

A Jabez anabwerera kunyumba wapansi, wilibala ataiiwala pakhomo pa a Spurr. Ali pa mlatho anali atayamba kale kuganiza zina: apita kwa oweruza, alemba anthu ong'amba mapepala, atsitsa chikwangwani n'kuika china. Mutu wawo sunazolowere kukhala wopanda pulani.

Anapeza sitolo yotseka masana, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. M'khitchini munali a Keziah akupukuta magazi pa mlomo wa Enoch, diso lake limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Damaris anali ataima pafupi ndi moto, m'mphepete mwa diresi lake mutang'ambika.

"Chachitika n'chiyani? Enoch, wakumenya ndani? Ndiuze ndikamuthyole khosi!"

"Muthyola makosi angati, bambo?" anayankha a Keziah osacheuka. "Mwana anangopita kukagula magolovesi a ukwati. Podutsa pa malo omwera mowa, amuna anamuzindikira. Mizere ija aipangira nyimbo, bambo, akuimba! Wina anamugwira diresi kuti aone ngati phewa lake likufanana ndi la pa kapu. Enoch anamenya awiri, enawo anamuunjikira."

A Jabez anakhala pa mpando. "Ndikonza. Mwana wanga, ndipatse nthawi pang'ono, ndikonza zonse. Chikwangwani nditsitsa lero lomwe."

"Bambo," anatero Damaris. Mawu ake anali odekha, ndipo kudekhako n'kumene kunawaopsa. "Tsitsani chikwangwani ngati mukufuna. Nanga nkhopeyi nditsitsa bwanji?"

Enoch anachotsa kansalu pa mlomo. Analankhula movutikira, koma anayang'ana apongozi akewo m'maso. "Ndalankhula ndi mayi. Ndawauza kuti Damaris ndimukwatira, alole asalole. Avomera, koma akuti mu London muno ayi. Amalume anga ali ndi malo opangira migolo ku Kendal, akufuna munthu. Tikakwatirana tipita kumeneko."

"Ku Kendal? Kumpoto kwenikweni kuja? Kumene kuja munthu amakalamba ali pa ngolo asanafike? Ayi! Ayi, Enoch, zipinda zili m'mwambamu, ndapaka laimu, ndaikamo bedi! Damaris, muuze mnyamatayu. Muuze kuti iwe suchoka pakhomo pano."

"Ndine ndamupempha, Bambo."

A Jabez anatembenukira kwa mwana wawo.

"Sindikukwiyirani," anapitiriza Damaris, misozi ikutsika. "Ndikudziwa kuti munachita chifukwa chondinyadira. Koma sindingathenso kupita kumsika, sindingathe kukhala pa zenera la nyumba yathu yomwe. Kutchalitchi amuna amagundana ndi zigongono ndikamalowa. Mukufuna ana anga adzakule akumva nyimbo imeneyi? Ndiloleni ndipite kumene munthu akandiyang'ana aziona ine."

A Jabez sanakuwe monga mwa nthawi zonse. Analira, munthu wamkulu mimba ikugwedezeka, ndipo palibe amene anawatonthoza chifukwa aliyense anali ndi misozi yake.

Ukwati unachitika m'mamawa, pakati pa sabata, tchalitchi chili chopanda anthu. Panalibe mabelu, panalibe phwando. Kuchoka kumeneko anapita molunjika ku bwalo la nyumba ya alendo kumene ngolo zopita kumpoto zinkanyamukira. M'bwalomo munali piringupiringu: akavalo akumangidwa, mabokosi akukwezedwa padenga la ngolo, apaulendo akutsiriza makapu awo a mowa pakhomo. Damaris anali atavala chipewa chachikulu, ndipo kumaso anali atatsitsa nsalu yakuda yochindikala mpaka pachibwano. Anakumbatira mayi ake nthawi yaitali. Kenako anakumbatira bambo ake, n'kukwera m'ngolo, Enoch ali pambuyo.

A Jabez anagwira chitseko cha ngoloyo ndi manja awiri. Ulendo wa ku Kendal ankaudziwa kutalika kwake, zaka zawo ankazidziwanso, ndipo mumtima ankadziwa kuti mwina aka n'komaliza.

"Damaris, mwana wanga, takweza nsaluyo pang'ono ndikuone."

Dzanja la Damaris linanyamuka mpaka pachibwano. Kenako mutu wake unatembenukira kwa amuna aja a makapu pakhomo, omwe anali atayamba kale kuyang'ana kuti mkwatibwi wobisa nkhopeyu ndi ndani. Dzanjalo linabwerera pa miyendo.

"Pano ayi, Bambo. Anthu akuona."

Woyendetsa ngolo analiza chikwapu, chitseko chinapulumuka m'manja mwawo, ndipo ngolo inatuluka pa chipata. A Jabez anaithamangira mpaka pamsewu akuitana dzina la mwana wawo, koma chimene anaona pa kazenera ka ngoloyo ndi nsalu yakuda basi, mpaka inakhota. Nkhope imene chidakwa chilichonse cha mu London chinali nayo m'thumba, bambo wake anamanidwa kuiona potsazikana.

Sopo wa pa Tsekwe Woyera anapitirira kugulidwa, mbiri yomwe a Jabez ankaifuna anaipezadi yonse, yosefukira. Kungoti pamene ankaiitana sanafunse kuti imabwera ndi anzake otani. Akuluakulu sananame pamene anati, walira mvula walira matope.